Chipangizo Chofufuzira Zitsulo Mumchenga ndi M'madzi: Tinachipanga Tokha Pakhomo

Chaka chatha masukulu atatsekera tinapita ndi ana kunyanja ku Senga Bay. Tisanayale n'komwe mkeka, wamng'ono wathu anakuwa. Anali ataponda mbedza yadzimbiri imene inakwiririka mumchenga, ndipo inalowa m'chidendene mpaka pokhotera. Tsiku limene tinati tikasangalale linathera pa benchi ya kuchipatala. Anamwino anachotsa mbedza ija, kutsuka chilonda ndi kutifunsa ngati mwanayo anamaliza katemera wa kafumbata. Mwamwayi kabuku kake ka kusikelo kanali m'chikwama cha mayi ake.

Pobwerera mkulu wake anafunsa funso limene linabala nkhani ya mwezi uno: "Kodi palibe njira yodziwira kuti pansi pa mchenga pali chitsulo munthu asanaponde?" Tinamuyankha kuti njira ilipo, koma makina ake ndi odula. Iye anati, "Nanga sitingapange?"

Tinapanga. Choyamba chinagwira ntchito masiku awiri, lachitatu chinamwa madzi n'kufa. Chachiwiri chikugwirabe mpaka lero. Tikufuna tikuuzeni zimene tinaphunzira pakati pa ziwirizi, kuti inu musataye ndalama pamene ife tinataya. Ntchitoyi ndi yoti kholo ndi mwana wa sekondale angathe kuigwira limodzi madzulo angapo, mothandizidwa ndi munthu wokonza mawailesi.

Chipangizochi chimamva bwanji chitsulo?

Mtima wa chipangizochi ndi koyilo, kutanthauza waya wamkuwa wokulungidwa mozungulira kambirimbiri ngati nkhata. Magetsi akamadutsa mu waya wotere mosinthasintha, pamabadwa mphamvu ya maginito imene imafalikira mozungulira koyiloyo n'kulowa mumchenga kapena m'madzi. Mphamvuyi ikapeza chitsulo imadzutsa timagetsi tozungulira mkati mwa chitsulocho, ndipo timagetsi timeneti timabweza mphamvu yawoyawo ya maginito. Koyilo imamva kusinthako, bolodi n'kukusandutsa kulira kumene timamva m'makutu. Lamulo la chilengedwe limeneli analitulukira Michael Faraday wa ku England mu 1831.

Mu 1881 Pulezidenti James Garfield wa ku America atawomberedwa, Alexander Graham Bell, yemwe timamudziwa chifukwa cha telefoni, anapanga chipangizo cha mtundu umenewu kuti apeze pamene panali chipolopolo m'thupi la mtsogoleriyo. Sichinathandize, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa n'chakuti bedi limene wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo amene ankasokoneza kulira kwake. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga chipangizo chonyamula m'manja chofufuzira mabomba okwirira, ndipo chinagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein mu 1942.

Nkhani ya bedi la Garfield muisunge, chifukwa ndiyo lamulo loyamba la ntchito yathu: pafupi ndi koyilo pasakhale chitsulo china chilichonse, ngakhale kamsomali kamodzi.

Mitundu itatu

Mtundu wosavuta kupanga umatchedwa BFO. Uli ndi zigawo ziwiri zimene zimanjenjemeretsa magetsi mofulumira kwambiri, pafupifupi ka 100,000 pa sekondi. Chigawo chimodzi chimalumikizidwa ku koyilo yofufuzira, china chimakhala m'bokosi ndipo chimachunidwa ndi kabatani kopotokola. Khutu la munthu silingamve kunjenjemera kofulumira choncho, koma limamva kusiyana kwa ziwirizo. Chimodzi chikakhala pa 100,000 china pa 100,300, timamva kulira kwa 300. Chitsulo chikayandikira koyilo, nambala ya chigawo choyamba imasuntha, kulira kuja n'kukwera kapena kutsika. Ubwino wake ndi woti zida zake n'zochepa, zotsika mtengo, ndiponso sichidya batire. Kuipa kwake ndi koti sichifika pansi kwambiri, komanso kunja kukatentha kapena kuzizira chimasowa kuchunidwanso.

Mtundu wachiwiri ndi VLF, umene uli m'makina ambiri ogulitsidwa m'masitolo. Uli ndi makoyilo awiri, ina yotumiza ina yolandira, ndipo umatha kusiyanitsa msomali ndi mphete. Koma makoyilo awiriwo amafunika kuwakhazika mosamala kwambiri, moti kwa woyamba kumene ndi ntchito yogwetsa ulesi.

Mtundu wachitatu ndi PI. Umenewu umaponya magetsi amphamvu mu koyilo kwa kanthawi kochepetsetsa, n'kuwadula mwadzidzidzi, kenako n'kumvetsera. Ngati pansi palibe kanthu, mphamvu ija imazima msanga. Ngati pali chitsulo, imachedwa kuzima. Mtunduwu ndi umene osambira pansi pa madzi amaukonda, chifukwa susokonezeka kwambiri ndi madzi amchere. Koma umadya batire, ndipo kwa iwo kabotolo ka chitini ndi ndolo yagolide n'chimodzimodzi.

Nyanja yathu ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, choncho BFO imagwira bwino ndithu m'mphepete mwake. Owerenga athu a ku Beira, Durban kapena Cape Town adziwe kuti madzi amchere amadutsitsa magetsi, motero mchenga wonyowa wa kumeneko umaliza BFO ndi VLF ngati kuti gombe lonse ndi chitsulo. Kwa iwo PI ndiye yoyenera. Kwathu kuno chovuta ndi mchenga wakuda umene umapezeka m'malo ena monga ku Salima ndi ku Makanjira. Mchengawu uli ndi miyala ya chitsulo, ndipo mukayendetsamo maginito mudzaona tinthu takuda tikukakamira. Pamalo otere kwezani koyilo pang'ono ndi kuchunanso.

Langizo lathu ndi ili: ngati cholinga chanu ndi kusesa gombe ndi kuyenda m'madzi ofika m'mawondo, pangani BFO, bokosi lake likhale pamwamba pa madzi. Ngati mukufuna chomira chonse, sankhani PI, chifukwa mungathe kuichuna kamodzi n'kuitsekera.

Bolodi lenilenilo ife sitinalipange tokha. Tinatenga chithunzi cha kalumikizidwe kake n'kupita nacho kwa bambo wina wokonza mawailesi kumsika, amene anatisankhira zida ndi kutiwotcherera ana akuonerera. Safunsa anadya phula. Mabolodi ogula kale ongofunika kuwotcherera amapezekanso kwa ogulitsa zida zamagetsi.

Kukulunga koyilo

Iyi ndiyo ntchito imene ana anaikonda koposa. Pezani thabwa, jambulanipo mzere wozungulira wa masentimita 20 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo khomani misomali 16 motsatira mzerewo. Msomali uliwonse muuveke kachidutswa ka pulasitiki kuti usakande waya. Waya wake ndi wamkuwa wopakidwa vanishi, wonenepa theka la milimita, wonga umene umakhala m'mathiransifoma. Kuzungulira ka 25 kumatenga waya wa mamita pafupifupi 16. Ngati chithunzi cha bolodi lanu chatchula nambala ina, tsatirani imeneyo, chifukwa koyilo ndi bolodi zimayenera kugwirizana.

Mwana mmodzi azikulunga, wina aziwerenga mokweza. Waya akhale wokoka bwino koma osaupinda. Mukamaliza mangani nkhatayo ndi ulusi wolimba m'malo ambiri, pindani misomali, chotsani koyilo, ndipo ikulungeni yonse ndi tepi yamagetsi mothinitsa. Waya mmodzi yekha akamagwedera mkati, chipangizo chimalira popanda chitsulo. Palani vanishi kumapeto kuwiri kwa waya ndipo yezani ndi mita. Waya wotere ayenera kuonetsa pakati pa 1 ndi 2 ohm. Mita ikapanda kusuntha ndiye kuti waya waduka penapake. Ngati mwachotsa waya mu thiransifoma yakale, muyang'anitsitse, pakuti pamene vanishi anasupuka mawaya awiri amakhudzana ndipo koyilo imafooka.

Kwa BFO pali chinthu china chimene ambiri amachiiwala. Mchenga wonyowa, madzi, udzu ngakhale dzanja la munthu zimasuntha kulira ngakhale palibe chitsulo. Mankhwala ake ndi kuvindikira koyilo ndi pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya. Dulani timizere, kulungani mozungulira nkhata yonse, koma siyani mpata wa sentimita imodzi pamene mbali ziwirizo sizikukhudzana. Mukatseka mpata umenewu, aluminiyamu amasanduka mphete yathunthu imene imameza mphamvu ya koyilo, ndipo chipangizo chimagontha. Pamwamba pake zungulizani kawaya kopanda chikopa, nakonso kosadumpha mpata uja, n'kukalumikiza ku mbali ya negetivi ya bolodi. Kwa PI musaike aluminiyamu pokhapokha ngati chithunzi chanu chatero. Chingwe chochoka ku koyilo kupita ku bokosi chikhale cha mtundu wokhala ndi ukonde wamkuwa mkati, chonga cha mayikolofoni.

Tsopano lumikizani zonse patebulo lamatabwa lopanda misomali pafupi, ndipo yesani ndi ndalama yachitsulo, kiyi ndi msomali. Chathu chimamva ndalama ya K10 patali ngati kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo chitini chimachimva patali kuposa apo. Musayembekezere zodabwitsa. Mbedza imene imalasa phazi imakhala pamwamba pomwepa.

Zikayenda bwino, koyilo iikidwe mu epoxy, guluu wa mabotolo awiri amene amauma ngati mwala. Apa samalani: epoxy wina amene amagulitsidwa wokonzera zitsulo ali ndi ufa wachitsulo mkati. Ameneyo ndi bedi la Garfield. Gulani woyera woonekera mkati. Chikombole chake chingakhale mbale yapulasitiki kapena chivindikiro cha ndowa. Thirani pang'onopang'ono, kagawo kakang'ono nthawi imodzi, chifukwa epoxy wambiri akamauma amatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Gogodani chikombole kuti thovu lituluke. Polumikizira chingwe pamire monse mu epoxy, pamodzi ndi masentimita atatu kapena anayi a chikopa cha chingwecho, chimene muyambe mwachikwecha ndi sandipepa kuti guluu agwire. Siyani tsiku lathunthu. Kulira kudzasuntha pang'ono epoxy akauma, ndiye mudzachunanso.

Ndodo yake ndi paipi yapulasitiki ya madzi. Imangidwe ku koyilo ndi bawuti yapulasitiki kapena chikhomo chamtengo. Chingwe chizungulire ndodo ndipo chimangidwe ndi tepi kuti chisagwedere. Boolani timabowo m'munsi ndi m'mwamba mwa ndodo kuti madzi azilowa ndi kutuluka, apo ayi idzakhala ikukankhira m'mwamba ngati chitsekerero cha botolo.

Mmene choyamba chinafera

Bolodi loyamba tinaliika m'kabokosi konyamulira chakudya kusukulu. Tinaboola malo atatu, a chingwe, a switchi ndi a kabatani kochunira, ndipo ponsepo tinamata silikoni wochuluka. Tinakathira madzi pampopi, sikanadonthe. Tinasangalala.

Kunyanja kabokosi kanakhala padzuwa ola lathunthu. Kenako mnyamata wathu analowa nako m'madzi, funde n'kukamiza kwa kanthawi. Kulira kunayamba kunjenjemera, kenako zii. Titatsekula tinapeza madzi okwana supuni ziwiri. Titafika kunyumba tinaonanso kuti mawaya amene anakhudzana ndi silikoni anali atayamba kale kubiriwira.

Tinalakwitsa zinthu zitatu. Choyamba, tinayesa kuti madzi a pampopi ndi madzi a m'nyanja amakankha mofanana. Pa mita imodzi pansi pa madzi, chivindikiro cha masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi chimakhala ngati chasenza makilogalamu 10. Pa mamita atatu ndi makilogalamu 30. Chivindikiro chafulati chimapindika, m'mphepete n'kutseguka. Chachiwiri, mpweya wa m'bokosi lotenthedwa ndi dzuwa umafufuma n'kutuluka pang'ono, ndipo bokosilo likalowa m'madzi ozizira mpweya wotsala umanyala n'kuyamwa madzi kudzera pa kampata kalikonse. Chachitatu, silikoni wathu anali wa mtundu wonunkha ngati viniga, umene ukamauma umatulutsa asidi wodya mkuwa. Wofunika pa zamagetsi ndi wolembedwa kuti neutral cure.

Nyumba yosalowa madzi

Chachiwiri tinachiika mu paipi ya PVC yonenepa, yokwana bolodi ndi mabatire. Chinthu chozungulira chimapirira kukankha kwa madzi kuposa chafulati chifukwa mphamvuyo imagawanika mbali zonse. Mbali imodzi tinaitseka mpaka kalekale ndi chitsekero chomata ndi guluu wa mapaipi. Mbali inayo tinaika chitsekero chopotokola chokhala ndi mphete ya labala, imene a m'masitolo a zida amaitcha O-ring. Mazinga okha satchinga madzi. Imatchinga ndi mphete imeneyi ikafinyika mofanana mozungulira monse. Muziipaka girizi wa silikoni pang'ono chabe. Mafuta odzola amafufumitsa mitundu ina ya labala, choncho asafikepo. Nthawi iliyonse musanatseke, yendetsani chala pa mpheteyo. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi ndi khomo lokwanira madzi.

Lamulo lachiwiri la ntchitoyi ndi lakuti bowo lililonse ndi mdani. Werengani mabowo amene mukufuna ndipo yesetsani kuti latsale limodzi, la chingwe cha koyilo. Pamenepo ikani cable gland yapulasitiki, kachida kokhala ndi labala mkati kamene kamafinya chingwe mukakamanga. Pogula yang'anani zilembo zake. IP67 imatanthauza kuti chinthu chinayesedwa pa mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 ndi ya kuya koposa apo, malinga ndi mmene wopanga wanenera. Dziwaninso kuti madzi amatha kuyenda mkati mwa chingwe chenichenicho ngati chikopa chake chabooka, monga mmene parafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Choncho mkati mwa paipi, pamene chingwe chathera, thiranipo epoxy kuti atseke mipata ya pakati pa mawaya.

Switchi siisowa bowo. Pali kachida kotchedwa reed switch, kagalasi kakang'ono kokhala ndi timalilime tiwiri tachitsulo timene timakhudzana maginito akayandikira. Kamateni mkati mwa khoma la paipi, ndipo kunja mangani maginito pa lamba wa labala. Mukasuntha lambayo chipangizo chimayaka. Mahedifoni nawonso angathe kusiyidwa. Kabelu ka piezo komatidwa kukhoma la mkati kamamveka bwino m'madzi, ndipo ena amaika kamota konjenjemera kochokera mu foni yakufa kuti dzanja lizimva. Ngati mwasankha BFO, kabatani kochunira kamafuna bowo lake, ndipo n'chifukwa chake tanena kuti nyumba yake ikhale m'mwamba pafupi ndi chigongono, yotetezedwa ku mafunde ndi mvula koma yosamizidwa dala.

Mkati ikanimo timapaketi tiwiri ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, kuti tiyamwe chinyezi chimene chimachita thukuta pa bolodi. Tsekani chipangizo muli pamthunzi, ndipo musachisiye padzuwa. Mabatire akhale wamba a AA kapena a 9V. Musatchaje batire iliyonse ili m'nyumba yotseka, chifukwa ena amatulutsa mpweya umene ungaphulitse paipi. Mabatire a lithium ochotsa mu laputopu yakale asalowe m'ntchitoyi, pakuti akanyowa kapena kukhudzana molakwika amatha kuyaka moto. Pa PI kumbukirani kuti koyilo ikadulidwa magetsi imabweza mavoti mazana angapo kwa kanthawi, motero polumikizira ponse pakhale pokutidwa bwino.

Yesani chilibe kanthu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaikemo bolodi, ikani pepala lofewa louma mu paipi, tsekani, mangirirani mwala ndipo imizeni mu diramu yodzaza madzi usiku wonse. M'mawa pukutani kunja kaye, kenako tsekulani. Pepala likakhala ndi kadontho ngakhale kamodzi, funani pamene palowera. Likakhala louma, bwerezani mutaisiya paipiyo padzuwa kwa kanthawi, kuti muone ngati ipirira kutentha ndi kuzizira. Pomaliza pemphani msodzi akutsitsireni ndi chingwe kuchokera m'bwato, pakuya kuposa pamene mudzagwiritsire ntchito, kwa theka la ola. Yathu inalephera mayeso oyamba chifukwa cable gland sitinaimange mokwanira. Tinataya pepala limodzi m'malo mwa bolodi.

Mukabwera kunyanja tsukani chipangizo ndi madzi oyera, chipukuteni, tsekulani, chotsani mabatire ndipo chisiyeni chotsekula kuti chiume.

Thanzi lanu pogwira ntchitoyi

Guluu wa mapaipi ali ndi fungo loledzeretsa ndipo amagwira moto, choncho matani panja, kutali ndi mbaula. Epoxy wosauma amayabwitsa khungu ndipo ena amatupa naye, ndiye valani magolovesi. Waya wowotcherera nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Wogwira asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo ntchitoyi isachitikire patebulo lodyera. Musawotche paipi ya PVC pamoto kuti muipinde, utsi wake umawononga mapapo. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayambe wafunsa dokotala wake asanagwire makina otere.

Kunyanja nako kuli zake. Likodzo limafala kudzera mu nkhono za m'madzi, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu la munthu amene waima m'madzi, makamaka osaya, odekha, a pafupi ndi bango ndi pamene anthu amachapa. Wofufuza zitsulo amaima m'madzi oterewa nthawi yaitali kuposa wosambira. Nsapato zajombo zimathandiza. Mukaona magazi mumkodzo, kapena ngati mumalowa m'nyanja kawirikawiri, pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Za kafumbata, anthu ambiri amaganiza kuti amabwera ndi dzimbiri. Kwenikweni amabwera ndi tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, timene timakonda chilonda chakuya chosalowa mpweya, chonga cha msomali kapena mbedza. Choncho pokumba gwiritsani ntchito kafosholo ndi sefa yapulasitiki, osati zala, ndipo onetsetsani kuti a m'banja mwanu analandira katemera.

Funsani eni dera za ng'ona ndi mvuu musanalowe, ndipo pewani pamathiriro a mitsinje, m'mabango, m'bandakucha ndi chisisira. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, khalani kumtunda. Mabingu akayamba tulukani m'madzi. Munthu woweramira pansi akumvetsera kulira saona funde kapena bwato, choncho pakhale wina womuyang'anira. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 kumpoto kwake, ndipo m'malo ena pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi. Ana asapitirire madzi a m'mawondo. Akuluakulu omira mogwira mpweya asapume mofulumira kambirimbiri asanamire, chifukwa zimenezi zimachititsa munthu kukomoka pansi pa madzi popanda chenjezo.

Chotola n'cha yani?

Tsiku loyamba chipangizo chachiwiri chitagwira ntchito tinasesa kadera kochepa pamene ana amasewera. Tinadzaza theka la chitini: mbedza, misomali ya mabwato akale, zitsekero za mabotolo, waya ndi lezala. Asodzi amene poyamba ankatiseka anabwera kudzaona, ndipo mmodzi anatipempha kuti timufunire kiyi wa loko amene anamugwetsa dzulo lake pokonza ukonde. Tinamupeza.

Kenako mtsikana wathu anafukula mphete. Inali yaing'ono, yosalala, yooneka kuti inakhala pachala zaka zambiri. Iye anati, "Ndatola ine, ndi yanga." Ambiri timaganiza choncho, kuti chotola si chakuba. Koma mphete imeneyo ili ndi mwini wake amene mwina anailirira. Buku la Deuteronomo 22:1-3 limatiuza kuti chotayika cha mnzathu tichisunge mpaka mwini atachifuna, ndipo tisachite ngati sitinachione. Tinakaisiya kwa amfumu a pamalopo, ndipo mwana uja anapita nafe kuti akapereke ndi manja ake. Chinthu chamtengo wapatali chingaperekedwenso kupolisi. Tikukupemphani kuti nkhani imeneyi muikambirane pakhomo musanapite kunyanja, chifukwa mphete ikakhala kale m'dzanja la mwana, kukambirana kumavuta.

Pemphani chilolezo kwa mwini malo kapena kwa amfumu musanayambe, ndipo kwirirani dzenje lililonse limene mwakumba. Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Kumeneko si kokumba. Dziko lathu lilinso ndi lamulo loteteza zinthu zamakedzana. Mukapeza khasu lakale, mkondo, zibangili zamkuwa kapena mikanda, musazigulitse. Zisiyeni pomwepo ndipo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Pamanda ndi pamalo a mizimu ya eni dera musayandikirepo n'komwe.

Chenjezo lomaliza ndi la moyo. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu 1914, ndipo dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika. Zida zankhondo zakale zimatha kupezekabe, ndipo ukalamba suzipha mphamvu. Mukafukula chinthu chonga chipolopolo chachikulu kapena chitini cholemera chachilendo, musachigogode, musachinyamule. Ikani chizindikiro patali, chotsani ana ndipo itanani apolisi. Chipangizo chopanga pakhomo si chofufuzira mabomba.

Mwana amene anaponda mbedza uja ndiye amanyamula chitini cha zotola tikapita kunyanja. Chipsera chili pachidendene chikuonekabe. Tisanayale mkeka amayamba watiuza kuti tidikire, mkulu wake ayendetse kaye koyilo pamchenga. Mwezi wamawa tidzakambirana za kusamalira mabatire ndi nyali za sola m'nyengo ya mvula.